CHILOMBO CHILICHONSE CHIMASIYA MAPAZI

Alimi anzanga, tsiku lina tinali pa msonkhano wa malimidwe m'mudzi wina kuseri kwa phiri la Bangwe. Titatha kukamba za mizera ndi manyowa, bambo wina wachikulire anaimirira, navula chipewa, nati, "Alangizi, inu munapita kusukulu. Tatiuzani zoona lero pamaso pa amfumu. Kodi Napolo alipo kapena kulibe?" Anyamata amene anakhala kumbuyo anaseka. Koma mkuluyo sanaseke ayi, pakuti mwana wake wamkazi anali ndi nyumba ku Chilobwe, m'tsinde mwa phiri la Soche, ndipo pamene panali nyumbayo lero pali miyala yokhayokha. Mwanayo anapulumuka ndi ana ake awiri ndi nsalu imene anavala basi.

Tsiku limenelo ndinayankha mwachidule chifukwa dzuwa linali litapendeka. Koma funsolo landikhala kumtima, ndipo ndidziwa kuti ambiri a inu muli nalo. Chotero ndati ndiliyankhe bwinobwino muno m'nyuzi yathu, kuti amene adziwa kuwerenga awerengere anzawo madzulo pabwalo.

Yankho langa liyambira kwa alenje. Mlenje akamva kuti chilombo chalowa m'mudzi usiku, sataya nthawi kukangana ndi anzake za dzina lake. Amalawira m'mamawa mame asanaume, nakaona mapazi: chadzera kuti, chalowera kuti, chadya chiyani. Akatero adziwa pomanga mpanda ndi potchera msampha. Ifenso tiyeni titsate mapazi a zilombo zimene makolo athu ankazitchula, tione kumene atifikitse.

NKHALANGO ZA KALE

Inu amene mumabwera ku Blantyre kudzagulitsa mbewu kapena kudzaona abale, mumaona mapiri atazinga mzinda: Ndirande, Soche, Mpingwe, Bangwe, ndi Michiru amene ali pamwamba pa Chilomoni. Lero mbali zambiri za mapiri amenewa zili mbee, ngati mutu wa munthu wometa maliro. Kale sanali otero. Pamene amishoni a ku Scotland anadzamanga pano mu 1876, mapiriwa anali ndi nkhalango za misuku ndi mombo, m'makwawa muli mbawa, mikuyu ndi nsungwi, ndipo munali anyalugwe, afisi, nguluwe ndi anyani.

M'nkhalango zotere ndimo munkakhala zilombo zimene agogo ankatisimbira pamoto. Zilipo zambiri, koma zomveka koposa kuno kum'mwera ndi zitatu: songo yolira ngati tambala, fisi wotumidwa, ndi Napolo mwini wake. Tiyambe ndi chaching'ono.

SONGO YOLIRA NGATI TAMBALA

Akulu ankati songo ndi njoka yaitali yokhala ndi tsumba lofiira pamutu monga la tambala, ndipo imalira kokoliliko m'bandakucha. Ankati imakwera mumtengo wa panjira, niweramitsa mutu, nijompha aliyense wodutsa pansi pake paliwombo, munthu n'kufera pomwepo. Kapena munamvanso za mayi wochenjera uja amene anaphika phala, nasenza mphika uli wamoto, nadutsa pansi pa mtengowo. Songo pofuna kujompha inaloweka mutu m'phala lamoto nifa, njira nitseguka.

Nthano imeneyi si ya kwathu kokha. Anthu a ku chigwa cha Zambezi anali nayo, ndipo inalembedwa m'buku la maulendo otsiriza a David Livingstone limene linasindikizidwa mu 1874. Mu 1944 dokotala wina wa Chizungu, J. O. Shircore, analemba kuti anapeza tifupa timene ankakhulupirira kuti n'ta tsumba la njokayo. Koma kufikira lero palibe amene anagwira njoka ya tsumba la tambala, yamoyo kapena yakufa, naionetsa poyera kuti odziwa za njoka aiyese.

Nanga mapazi ake atifikitsa pati? Atifikitsa pa njoka imene iliko ndithu, yotuwa thupi, yakuda m'kamwa, imene ambiri aitcha mamba. Imatalika kupitirira mafiti 10, imakwera m'mitengo, ndipo ikapsa mtima imadzutsa mutu m'mwamba nitambasula khosi. Ululu wake umapha msanga. Njoka ikamafundula, nthawi zina chikopa chakale chimatsalira kumutu, ndipo munthu wamantha ataiona kamodzi akuthawa anganene kuti waona tsumba. Za kulirako, odziwa za mbalame ena amati n'kwa kambalame kobisala m'zitsamba kamene kamalira motalikitsa usiku, koma sikaoneka kawirikawiri.

Tsono onani kuti agogo sananame pa chachikulu. Mwana amene anamva za songo sankadutsa yekha pamalo poyanga, ndipo sankapisa dzanja m'phanga la chulu. Nthanoyo inali mpanda womuteteza. Chimene tiwonjezepo ife n'chakuti munthu akalumidwa ndi njoka musamuteme mphini pabala, musamumange chingwe cholimba, musamuyendetse. Mugonekeni, mumunyamule, mufike naye kuchipatala tsiku lomwelo.

FISI WOTUMIDWA

Chilombo chachiwiri n'choopsa koposa, chifukwa chimapha pawiri. Mudziwa zimene zimanenedwa, zoti pali anthu oweta afisi, owakwera pamsana usiku ndi kuwatuma kukagwira mbuzi kapena mwana wa mdani wawo, ndi zoti mfuti siigwira fisi wotere. Anthu akale a ku Chilomoni amakumbukira kulira kwa afisi a m'mapanga a ku Michiru, ndipo khola likathyoledwa panali kunong'onezana kuti fisi ameneyu ali ndi mwini wake.

Kuti tione mapazi a chilombo chimenechi tichoke pang'ono ku Blantyre, tipite kumene chinachita zoopsa zodziwika. Ku Dowa, mu Ogasiti 2002, chilombo china chinapha anthu 5 ndi kuvulaza ena oposa 20. Chitaomberedwa, a nthambi yoona za nyama zakutchire anati anali fisi wodwala chiwewe. Anthu ena anakana, nati miyendo yake yakumbuyo inali yaitali kuposa ya fisi. Mu Malichi 2003 chilombo china chinabukanso m'boma lomwelo. Chinapha anthu 3, chinavulaza 16, ndipo anthu ngati 4,000 anathawa m'midzi mwawo nakagona ku boma, kusiya chimanga m'munda nthawi imene chinali kukhwima. Ambiri ankati ndi mzimu wa chilombo choyamba chija wabwera kudzalipsira.

Kufupi ndi kwathu kuno, ku chigwa cha Phalombe, afisi anapha anthu 27 m'zaka zisanu kuyambira 1955. Amene analondola nkhaniyo anapeza chinthu chimodzi chooneka: ambiri ankagwidwa m'miyezi yotentha, pamene anthu amagona pakhonde kuthawa chifundi m'nyumba, ndipo ambiri anali ana. Mvula ikayamba, anthu n'kubwerera m'nyumba, kugwidwako kunkachepa. Kodi fisi wotumidwa amayembekeza nyengo ya dzuwa? Ameneyo anali fisi wanjala amene anaphunzira kuti pakhonde pali chakudya chosavuta.

Mapazi a fisi savuta kuwadziwa. Amafanana ndi a galu wamkulu, zikhadabo zimaoneka, ndipo phazi lakutsogolo ndi lalikulu kuposa lakumbuyo. A nyalugwe ndi obulungira ndipo zikhadabo sizioneka. Ndowe za fisi zikauma zimayera ngati njereza chifukwa amatafuna mafupa. Maso ake amawala usiku akaunikidwa, monga amachitira a mphaka, ndipo umenewo si moto wa mfiti ayi. Fisi wabwinobwino amaopa munthu wamkulu. Koma nyama iliyonse yodwala chiwewe, kaya fisi, nkhandwe kapena galu, imataya mantha, imayenda masana, imaluma chilichonse, ndipo siithawa ngakhale muikuwize. Ndicho chifukwa chake anthu amati, "Iyi si nyama wamba."

Ndanena kuti chilombochi chimapha pawiri. Choyamba chimapha ndi mano ndi chiwewe. Munthu wolumidwa ndi nyama yokayikitsa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo kukabayitsa, pakuti chiwewe chikayamba kuoneka mwa munthu sichichizika. Agalu anu abayitseni katemera chaka ndi chaka. Mu mzinda wa Blantyre ntchito yobaya agalu ambirimbiri inayamba mu 2015, ndipo ana obwera kuchipatala ndi chiwewe anachepa. Kachiwiri chimapha ndi pakamwa pathu. Mbuzi ikasowa, maso onse amaloza kwa gogo wosauka wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, ndipo ena awotcheredwa nyumba, ena aphedwa kumene. Lamulo la mu 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti. Koma ngakhale pakadapanda lamulo, taganizani: mwathamangitsa gogo, fisi ali m'phanga lake, khola lanu likadali lamitengo yofumbwa. Mwapindulanji?

NAPOLO

Tsopano tibwere ku funso la mkulu uja. Akulu amati Napolo ndi chinjoka chachikulu chokhala pansi pa phiri kapena m'dziwe lakuya la pamwamba pake. Amakhala chete zaka zambiri, mwina mbadwo wathunthu. Tsiku limene afuna kusamuka kunka kunyanja kapena kuphiri lina, amatuluka ndi mvula yamphamvu, nang'amba phiri, nadzilambulira njira yake. Kutsogolo kwake kumamveka ngati ng'oma kapena mabingu a pansi pa nthaka. Chilichonse chimene achipeza panjira, mtengo, mwala, nyumba, mlatho, munthu, amapita nacho. M'mawa mwake anthu amaona mkwasa wofiira wokhotakhota kuchokera pamwamba pa phiri kufika kuchigwa, nati, "Napolo wadutsa."

Pa zilombo zitatuzi, Napolo ndiye ali ndi mapazi aakulu koposa, ndipo masiku amene anayenda analembedwa.

Mu Disembala 1946 mvula yoopsa inagwa pa phiri la Zomba usana ndi usiku. Phiri linagumuka m'malo angapo, mtsinje wa Mulunguzi ndi inzake inatsika ndi miyala ndi mitengo, milatho inakokoloka, nyumba za m'tsinde zinaphwasuka, ndipo anthu anafa. Nthawi imeneyo Zomba ndiye anali likulu la dziko, chotero mbiri inafika ponseponse. Oimba a Paseli Brothers anapeka nyimbo yotchedwa Napolo, ndipo pambuyo pake mlembi Steve Chimombo, mwana wa ku Zomba komweko, anasindikiza buku la ndakatulo za Napolo mu 1987.

Pa 10 Malichi 1991 phiri la Michesi linagumukira pa Phalombe. Madzi, matope ndi miyala ina yaikulu ngati nyumba zinatsikira pamalo a malonda ndi m'midzi yozungulira, ndipo anthu mazanamazana anafa tsiku limodzi.

Mu Januwale 2015 madzi ochokera m'phiri la Soche anagwetsa nyumba ndi kupha anthu ku Chilobwe. Limenelo linali chenjezo. Patapita zaka 8 kunabwera namondwe wotchedwa Freddy. Iyeyu anabadwira kunyanja yaikulu kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, nakhala ndi moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo. Anadutsa Madagascar, nalowa m'dziko la Mozambique kawiri, kachiwiriko pa 11 Malichi pafupi ndi Quelimane, ndipo anadzakhuthula mvula yake pa mapiri athu a kum'mwera masiku angapo osakata. Pofika pa 13 Malichi phiri la Soche linali litagumukira pa nyumba za ku Chilobwe ndi ku Manja. Ku Ndirande nako nyumba za m'mphepete mwa mitsinje zinapita ndi anthu ali momwemo, ndipo zomwezo zinachitika ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala.

Onani tsono mmene mapaziwa afananira. Nthawi zonse ndi m'dzinja. Nthawi zonse ndi mvula yogwa masiku otsatizana. Nthawi zonse ndi phiri lotsetsereka kwambiri, ndipo njira yake ndi khwawa.

CHIMENE CHIMACHITIKA M'KATI MWA PHIRI

Mapiri athu ndi thanthwe lolimba lofundidwa dothi losazama, monga bulangete pamphasa. Mvula yabwino ikagwa, madzi amalowa m'dothi pang'onopang'ono nakatuluka m'munsi ngati akasupe. Koma madzi ndi olemera kuposa mmene tiganizira. Mvula ya inchi imodzi yokha pa ekala imodzi ndi migolo yoposa 500, ya malita 200 uliwonse. Tsono taganizani mainchesi ambirimbiri pa phiri lonse, tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu. Dothi limakhuta, silingamwenso. Madzi amafika pathanthwe, nasowa polowera, nayamba kuyenda pakati pa thanthwe ndi dothi. Pamenepo bulangete lija lalemera, ndipo pansi pake paterera. Chotsatira n'kutsetsereka.

Dothi logumukalo likagwera m'khwawa limasanganikirana ndi madzi nikhala phala lamatope. Phala limeneli ndi lolemera kuposa madzi, chotero limatha kuyandamitsa miyala imene amuna 50 sangaisunthe. Nthawi zina mitengo ndi miyala zimatseka khwawa pamalo popanikiza, madzi n'kuunjikana kumbuyo, mtsinje wa kumunsi n'kuchepa mwadzidzidzi mvula ikugwabe. Chotsekacho chikaphulika zonse zimatsika nthawi imodzi, liwiro loposa la munthu wothamanga. Ng'oma zimene akulu ankamva ndi miyala ikugundana. Mkwasa wokhotakhota ngati wa njoka ndi khwawa lokumbika kufikira pathanthwe.

Apa ndinene zoona, pakuti alangizi ena timafulumira kunena kuti mukabzala mitengo Napolo sadzabweranso. Si choncho. Mu 1946 phiri la Zomba linali ndi mitengo, koma linagumuka. Mvula ikapyola muyezo ngakhale nkhalango imagonja. Koma mitengo imachita zazikulu zitatu. Masamba ake amalandira mvula kuti isamenye dothi mwamphamvu. Zinyalala za pansi pake zimachedwetsa madzi kuti asathamangire onse m'khwawa nthawi imodzi. Mizu yake imasoka dothi ngati ulusi, niligwirizitsa ku ming'alu ya thanthwe. Mtengo ukadulidwa, chitsa n'kuzulidwa kapena kuwotchedwa, mizu imawola m'zaka zowerengeka, ndipo ulusi uja watha. Chotero phiri lometedwa limagumuka ndi mvula imene phiri la mitengo likadaipirira, ndipo limagumuka kawirikawiri.

TASAMUKIRA M'NJIRA YAKE

Makolo athu ankadziwa malo amene Napolo anadutsapo. Sankamanga pakamwa pa khwawa. Nkhalango za pamwamba pa phiri ndi za pa akasupe ankaziopa, nati kuli mizimu, nkhwangwa isafikeko. Mwana akafunsa chifukwa, ankangomuuza dzina la chilombo, ndipo zinkakwanira. Ife tinaphunzira pang'ono, tinaseka chilombocho, ndipo pamodzi ndi chilombo tinataya ndi mpanda womwe. Mawu a akulu akoma akagonera.

Pa kalembera wa mu 2018 mzinda wa Blantyre unali ndi anthu oposa 800,000. Malo athyathyathya anatha kalekale, ndipo wosauka wofuna pomanga amalozeredwa kumtunda. Chaka ndi chaka nyumba za ku Ndirande, Bangwe, Chilobwe, Chilomoni ndi Machinjiri zakhala zikukwera phiri, ndipo aliyense womanga amasema phiri kuti apeze pokhazika maziko, kumene kuli ngati kudula mwendo wa nkhokwe. M'zaka za m'ma 1990 mitengo ya pa phiri la Ndirande inatha, phiri nilisanduka minda ya chimanga. Ku Michiru, kumene kunatsalira nkhalango kwa nthawi yaitali, nkhwangwa za owotcha makala zachita zoopsa m'zaka zapitazi. Mitsinje ya Mudi, Nasolo, Naperi ndi Likhubula yapanikizidwa ndi nyumba, minda ndi zinyalala. Koma madzi saiwala khwawa.

Musati imeneyi ndi nkhani ya a m'tauni okha. Amene akumanga m'mapiri amenewa ndi ana athu ochokera kumudzi. Makala amene amaphikira amatsika panjinga kuchokera m'nkhalango zathu za ku Neno, Mwanza ndi kwina. Ndipo midzi yambiri ili ndi kaphiri kake, khwawa lake, ndi munda wa munthu wina umene wakwera kufika pamene agogo ake sankafikapo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

TICHITENJI TSONO?

Choyamba, funsani akulu a m'mudzi mwanu kumene Napolo anadutsapo kale, ndipo amfumu asagawe malo amenewo kuti pamangidwe nyumba. Ngati palibe wokumbukira, miyala idzakuuzani. Mukaona miyala ikuluikulu yobulungira ili mbwee pamalo athyathyathya pakamwa pa khwawa, dziwani kuti siinamere pamenepo. Inabwera ndi madzi, ndipo inzake ikadali kumtunda. Mwana wanu akakulemberani kuti wapeza puloti yotsika mtengo m'phiri ku Blantyre, mufunseni kuti khwawa lili kuti.

Chachiwiri, dziwani zizindikiro. Mvula ikagwa masiku awiri kapena atatu osakata, yenderani kumtunda kwa nyumba zanu masana. Mukaona ming'alu yatsopano m'nthaka, mitengo kapena mizati itapendekeka, madzi akutumphuka pamene panalibe kasupe, chitseko chikukana kutsekeka, mtsinje utasanduka matope mwadzidzidzi kapena utachepa mvula ikugwabe, musagone m'nyumbamo. Tengani ana ndi okalamba mupite kusukulu, kutchalitchi kapena kumzikiti umene uli pamalo okwera, kutali ndi khwawa. Mukamva kugunda kumtunda musathawire kumunsi motsata khwawa, pakuti kumeneko ndiko akulowera. Thawirani cham'mbali. Katundu musiyeni.

Chachitatu, mverani wailesi. Namondwe samera pansi ngati bowa. A nthambi yoona za nyengo amamuona akadali panyanja, ndipo za Freddy analengeza masiku angapo asanafike. Amene ali ndi wailesi kapena foni auze anzake, ndipo amfumu aimbitse belu kapena ng'oma.

Chachinayi, bwezerani phiri chofunda chake. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Koma njira yosalira ndalama ndiyo kusamala zitsa zimene zikuphukira. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pachitsa chilichonse, sadzani zinazo, tchinjirizani ku moto ndi mbuzi, ndipo m'zaka zochepa mudzaona nkhalango, pakuti mizu yake ilipo kale. M'mphepete mwa mitsinje ndi m'makwawa bzalani nsungwi, mikuyu, mbawa ndi nsenjere, ndipo khasu lisafike pagombe.

Chachisanu, m'munda wotsetsereka mizera ipingase phiri. Itanani mlangizi adzakuthandizeni kuika akalozera, mubzalemo udzu wa vetiva, ndipo mizera yanu itsate akalozerawo. Zigwembe zitsekeni ndi miyala zikadali zazing'ono. Ndidziwa kuti agogo athu anadana ndi ntchito ya milambala m'zaka za m'ma 1950, chifukwa inabwera ndi akapitawo, milandu ndi chindapusa. Anali ndi chifukwa chodandaulira. Koma chimene chinalakwika chinali chikakamizo, pamene dothi lokha likufunabe chitetezo chomwecho. Ndipo pamene patsetsereka kwambiri, poti munthu polima amachita kugwira chitsa kuti asagwe, pamenepo si pa chimanga ayi. Pasiyireni mitengo.

Zonsezi munthu mmodzi sangazithe, pakuti madzi ochokera m'munda wa mnzako wa kumtunda amathera pakhomo pako. Mutu umodzi susenza denga. Kambiranani pabwalo la amfumu mvula isanayambe.

YANKHO KWA MKULU UJA

Bambo, ngati nyuzi iyi ikupezani, yankho langa nali. Njoka yaikulu ya pansi pa phiri ine sindinaione, ndipo amene anakwera Soche kukayesa pamene panagumuka anapeza thanthwe, dothi ndi madzi. Koma chimene makolo athu anachitcha Napolo chilipo, ndipo anyamata amene anakusekani aja analakwa. Chili ndi nyengo yake, chili ndi mawu ake, chili ndi njira yake, ndipo chidzadutsanso m'njira yomweyo. Dzinalo musalitaye. Auzeni adzukulu anu monga anakuuzirani agogo anu, koma powauza muwatenge padzanja, mukawaonetse khwawa, miyala ndi zitsa, kuti adziwe pamene sayenera kugona ndi pamene sayenera kudula.

Amene muli ndi mafunso kaonaneni ndi mlangizi wa m'dera lanu. Tsalani bwino, alimi anzanga, mulime mopingasa.